Mwamva, Ana Inu?

Panali mphunzitsi wina wa Sitandade 3, a Sandalamu, munthu wa mawu okoma ngati a pa wailesi. Akayamba kuimbitsa ana "a e i o u", ngakhale amayi opita kumjigo ankaima kaye n'kumvetsera. Eni akewo ankadziwa zimenezi, ndipo kudziwako n'kumene kunawapweteka.

Chaka china sukulu yawo inalandira matabuleti, masipika ndi sola, ndipo aphunzitsi anaitanidwa ku maphunziro a masiku atatu. Tsiku loyamba anawaonetsa kujambula mawu, kuti phunziro lizitha kubwerezedwa kwa mwana amene sanamve. Masiku awiri otsalawo anali oti aphunzire kuimitsa makinawo, kufunsa ana, ndi kuona yankho la mwana aliyense payekha. Koma a Sandalamu atangomva mawu awo akutuluka mu sipika, anakhuta.

"Zotsalazo n'za anthu ochedwa kumva," anatero, n'kukwera njinga yawo. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Pa tchuthi anajambula maphunziro a teremu yonse, ndipo anajambula mwaluso, tisawanamizire. Akafotokoza pang'ono ankafunsa kuti, "Mwamva, ana inu?" n'kusiya kampata koti ana ayankhe, kenako, "Mwakhoza! Ombani m'manja."

Sukulu itatsegulidwa, sabata yoyamba ankakhala pakhomo la kalasi n'kumadzimvetsera. Sabata yachiwiri anasendera pansi pa mtengo. Yachitatu anakumbukira kuti kudimba kwawo, kutsidya kwa mtsinje, tomato akufuna madzi. Choncho anatsekera makinawo m'kabati, chingwe cha sola chikulowera pa kabowo, n'kuwatchera kuti azidziyambira okha m'mawa uliwonse. Kiyi anaika m'thumba, ulendo wakudimba.

Kalasi yawo inali payokha, kumapeto kwa bwalo, m'mbali mwa mabulugamu. Ahedi akamadutsa chapatali ankamva mawu aja akuphunzitsa, n'kumati, "Koma munthu uyu sajomba."

Masabata anapita. Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, a Sandalamu anakumbukira chipewa chimene anasiya pamsomali m'kalasimo. Anawoloka mtsinje. Akuyandikira anamva mawu awo akuphunzitsa kuchotsera, ndipo anamwetulira.

"Mwamva, ana inu?"

Anaima kuseri kwa chitseko kuti amve "Eee!" wa ana makumi asanu ndi atatu. Kunali zii. Nyenje zokha m'mabulugamu.

"Mwakhoza! Ombani m'manja."

Palibe dzanja limene linaomba. Anakankha chitseko, ndipo ukonde wa kangaude unawamatirira kumaso. Pamabenchi panali fumbi lopanda ngakhale chidindo cha chala. Pakona ya bolodi mavu anali atamanga nyumba, ndipo pamunsi pake panali deti lakalekale, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe.

"Iwe wakumbuyo," anatero mawu a m'kabati, "ndikukuonatu."

A Sandalamu anacheuka. Kumbuyoko kunalibe munthu, ndipo amene anaimirira m'chipindamo anali iwo okha. Anachita mantha ndi mawu awoawo. Anatsegula kabati, n'kudina apa ndi apo, koma kuimitsa kwake kunali kwa tsiku lachiwiri la maphunziro aja. Anatuluka chothawa, mawuwo akuyamikirabe mabenchi.

Analunjika kumudzi kukafuna ana. Pakhomo loyamba anapeza a Nasoko, mayi wa mtsikana wina wa m'kalasi mwawo, akupeta chimanga. Mayiyo atakweza maso, lichero linagwa, chimanga n'kumwazika.

"Aphunzitsi! Ndinu amene? Kodi muli moyo?"

"Funso lanji limenelo, mayi? Ana ali kuti? Bwanji sakubwera kusukulu?"

A Nasoko anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma.

"Anatu anatiuza kuti inu munatisiya, atsala ndi mawu okha m'kabati. Ife poyamba tinkawakalipira kuti akunama. Ndiye tsiku lina Tisungane wanga malungo anamugwirira m'kalasi momwemo. Anagwa pansi, akusanza, anzake akulira. Inu n'kumati wakhoza, aombe m'manja. Nanga wamoyo angatero? Kuyambira tsiku limenelo palibe kholo linatumizakonso mwana."

A Sandalamu anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, mawu okoma aja anatuluka osasa. Ananong'ona kuti, "Tandiitanirani mwanayo, andione."

"Pepani aphunzitsi," anatero mayiyo, "akakuonani athawa."

Aphunzitsi anzanga, ndaona pazenera kuti ena mwamangirira kale zikwama panjinga, chonsecho lero ndi tsiku loyamba chabe la maphunziro athuwa. Sindikunyoza makinawa ayi, ndine amene ndabwera nawo, ndipo ndimawakonda. Pakamwa ali napo, mwadzimvera nokha. Koma khutu alibe, maso alibenso, ndipo amayamikira mwana wokhoza ndi benchi yopanda munthu mofanana. Mawa ndi mkuja tiphunzira kuwatontholetsa kuti mwana alankhule, inu mumve. Masulani zikwamazo, mawa tipezane muno. Ana amakhululukira mphunzitsi wa mawu osasa, wa chibwibwi, ngakhale wochedwa kuphunzira tabuleti. Amene samukhululukira ndi uja amafunsa kuti "Mwamva?" iye palibepo kuti amve yankho. Ameneyo amamuika m'manda akuyendabe.