Gologolo ndi Munga wa a Nungu

Kalekale, ana inu ndi akulu mwakhala kumbuyoko, padangokhala Gologolo. Ankakhala ndi mayi ake okha. Bambo ake anamwalira ndi chifuwa, ndipo maliro atatha m'pamene mlendo wina ananena kuti mankhwala ake anali mtengo wa pakhomo pawo pomwepo. Kuyambira tsikulo Gologolo ankangofuna chinthu chimodzi, kuphunzira zitsamba.

Tsidya la dambo, pansi pa mkuyu waukulu, panali sukulu ya zitsamba ya a Nguluwe. M'mawa uliwonse Gologolo ankakwera kunsonga kwa mtengo n'kumayang'ana tsidyalo. Ankaona ophunzira akukumba mizu, akununkhiza, akusinja, thi, thi, thi. Mphepo ikabweretsa fungo la makungwa owiritsa, mtima wake unkawoloka dambo, thupi n'kutsala pamtengo.

Tsiku lina anawoloka ndithu.

"Odi, aphunzitsi. Ndikufuna kuphunzira mankhwala."

A Nguluwe anali pakati pa mulu wa chinangwa. Anamufunsa mafunso ali kutafuna, iye n'kuyankha onse. Anamutuma khungwa la kunsonga kwa mkuyu, uyo wakwera, uyu watsika nalo. Maso a mphunzitsi anati ngwee, pakuti mwa ophunzira awo onse panalibe wodziwa kukwera. Mankhwala akumwamba ankadikira mphepo kuti iwagwetsere. Koma izi sananene.

"Wakhoza, mwana iwe. Fizi ndi madengu khumi a mtedza. Poti ndine wachifundo, ndachotsapo limodzi."

Kwawo kwa Gologolo kunali dengu limodzi lokha, la mbewu.

"Iwalako, mwanangu," anatero mayi ake. Koma kuiwala kunakanika. Ankati akadya, mkuyu uja. Ankati akakatunga madzi, mkuyu uja.

Kuseri kwa chulu kunali kasukulu kena ka zitsamba, ka a Nungu, kadenga lodontha. A Nungu ndi a Nguluwe sankamwerana madzi chikanganirane munda wa mbatata. Gologolo anapita kumeneko, ndipo mayeso anakhozanso.

"Kuno fizi ndi madengu atatu," anatero a Nungu. "Za malo ogona usadandaule, aliyense amagona pomwe wapeza. Za chakudya usadandaulenso, aliyense amadzifunira." Anazula munga umodzi kumsana kwawo. "Tenga, umboni woti ndakulandira."

Gologolo anaupachika kukhutu, ulendo wa kumkuyu.

"Ndabwera kudzatsanzika, aphunzitsi. Mtima wanga uli kuno, koma dengu la kwathu n'laling'ono."

"Chili kukhutucho n'chiyani?"

"Ndi munga wa a Nungu. Andilandira. Akuti madengu atatu."

A Nguluwe anasiya kutafuna. Anaganiza za Gologolo akuthyolera mdani wawo makungwa akumwamba.

"Nkhalamba ija ikudziwa chiyani? Kuno upereka awiri."

"Zikomo, aphunzitsi. Kungoti a Nungu anati za malo ogona ndisadandaule." Anatembenuka n'kuyamba kuyenda, pang'onopang'ono, pang'onopang'ono.

"Tabwera kuno. Uzigona m'mphako ya mkuyuwu, mosadontha."

"Mwandilemekeza. Kungoti anatinso za chakudya ndisadandaule."

Apa a Nguluwe anayang'ana mulu wa chinangwa uja. Anauyang'ana, anauyang'ana.

Gologolo anayenda, pang'onopang'ono, pang'onopang'ono. Anadutsa pamtondo wosinjira mizu. Anadutsa pamphika wa makungwa, fungo lija n'kumulowa m'mphuno. Kumbuyo kuli zii. Anafika m'mphepete mwa dambo misozi ili lengelenge, akudziuza kuti wawonjeza, sukulu ija yamupulumuka. Anaponda m'madzi phazi limodzi, chubwi.

"Iwe Gologolo," anamveka mawu olemera ngati a munthu wozulidwa dzino. "Bwerera. Uzidya mbale imodzi ndi ine. Ndipo mtedza wa amayi akowo ukhale komweko. Koma ndisakuone kuseri kwa chulu."

Gologolo anapukuta m'maso asanatembenuke.

"Aphunzitsi, a Nungu anandipatsa umboni."

A Nguluwe analibe minga yoti azule. Anadinda phazi lawo padothi lonyowa ophunzira onse akuona, dothilo n'kuuma gwa.

Patatha mwezi aphunzitsi awiri aja anakumana pamaliro a Mbira.

"Ndiye mumafuna kundilanda mwana ndi chakudya chaulere?" anatero a Nguluwe monyada.

"Chakudya chiti? Kwathu ngakhale ine ndimadzifunira."

A Nguluwe anabwerera akufwenthera, fwe, fwe, fwe. Anapeza Gologolo ali pambale, masaya ali tutumu.

"Unandinamiza."

"Ayi, aphunzitsi. Ndinanena mawu awo enieni. Otsalawo simunandifunse."

A Nguluwe anayang'ana phazi lawo padothi lija, n'kukhala pansi, n'kuyamba kudya mofulumira mbale isanathe. Zaka zitatu anadya choncho, Gologolo akuphunzira muzu ndi muzu, khungwa ndi khungwa, mpaka anakhala sing'anga wa chigwa chonsecho. Ndipo mpaka lero nguluwe imadya mphuno ili pansi, mothamanga, ngati pali wina pambali pake.

Nthano yanga yafika pamchira, muiphule isapserere. Mukamakapempha malo pakhomo lomwe mtima wanu ukufuna, yambani mwadzera khomo lina, mukafike ndi kamunga kukhutu. Ndipo inu akuluakulu, mwana akakuuzani mawu a mnzanu, muzifunsa ngati athera pomwepo.