Khutu la a Ng'azi

Kalekale, ana inu, nyama zikadatumiza ana ku sukulu ya mkombaphala, kunali mayi wina dzina lake Gologolo. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Kamchira. Enawo anatengedwa ndi mphamba. Ndiye Kamchira akangoyetsemula, mayi ake mtima unkakhala m'mwamba tsiku lonse.

Masukulu analipo awiri. Ya a Nungu inali pansi pa mkuyu, ndipo ana aakulu ndi aang'ono ankaphunzira pamodzi. Gologolo atakasuzumira anapeza phokoso lokhalokha. Uyu wabereka mnzake, uyu akulira, uyu akukomba phala la mwini.

"Mwana wanga adzamuponda muno," anatero Gologolo.

"Amapondana ndithu," anayankha a Nungu, "koma amadzutsananso."

Gologolo anangotsonya, nalunjika kudambo, ku sukulu ya a Ng'azi. Eee, koma kukongola! Pabwalo posesa bwino, tiana ta msinkhu umodzi tili pamzere, tonse chete ngati mazira m'chisa.

"Kuno sitisakaniza, mayi," anatero a Ng'azi, chimimba chikukhwekhwereza pansi. "Mwana timayamba tamuyesa. Adutsitse dzanja pamutu, agwire khutu la mbali inayo. Akaligwira ndiye kuti wakula, apite kwina. Ana aakulu ngolongolola, akafika kunyumba amangonena zilizonse."

Kamchira anayesa. Kadzanja kanathera paliwombo.

"Wakhoza!" anatero a Ng'azi. Anamugwira mchira, nameza malovu.

Kumeza kumeneko Gologolo anakumva. Anayang'ananso tiana tija. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kulankhula bwinobwino, kapena woti n'kuzindikira kuti mnzake wasowa.

"Nanga ana a chaka chatha ali kuti, aphunzitsi?"

"Anamaliza bwino onse," anayankha a Ng'azi, akusisita mimba.

Gologolo anazindikira kumene ana aja anathera. Kuthawa akanathawa, koma mchira wa mwana wake unali m'zikhadabo. Mayi uja anagwada, naomba m'manja.

"Pepani aphunzitsi, mwanayu ngwogona ngati bambo ake, sanamvetse. Tamuonetsani inuyo kagwiridwe kake. Paja a Nungu akufalitsa zoti inu khutu lanu simulifikira. Akuti ndinu khanda."

"Khanda? Ine?"

A Ng'azi anataya mchira uja. Anakweza mkono wamanja, wafupika. Anakweza wamanzere, wafupika. Anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, nakweza yonse iwiri, akubuula, akusuzumira kuti khutulo lili pati. Chimimba chija chinawakoka. Chagada, phii! Gubudu gubudu mpaka m'matope. Kukamwa kutangotseguka, kamwana ka Chule kamene anakameza m'mawa kanalumphira panja, kakufunsa ngati phala lapsa.

Gologolo sanadikire kutsanzika. Anabereka Kamchira, nakusa tiana tonse, liwiro mpaka kumkuyu. A Nungu anawalandira. Anangouza ana aakulu kuti aliyense atenge wake.

Tsiku lotsatira Gologolo atasiya Kamchira kwa a Nungu, anakhala pakhomo, maso kunjira, chakudya osachikhudza. Dzuwa litapendeka anaona mwana wa Nyani akubwera, Kamchira ali kumsana, pamphumi patatupa.

"Amayi, mwana wanu nayu," anatero mwana wa Nyani. "Wagwa pa chulu, walira, ndamutonthoza. Wakodzera mphasa. Phala lake ndamuthandiza kudya. Komanso a Nungu anagona tulo nthawi ya nyimbo."

Gologolo anaseka mpaka misozi, mtima unakhala pansi. Anamupatsa mtedza wodzaza manja awiri, nati, "Mwanawe, uzilongolola choncho tsiku lililonse."

Nthano yanga yathera pamenepa, wina akaphule mbatata zisanapserere. Koma inu akuluakulu, mukapeza sukulu ili zii, ana onse ofanana ngati nyemba, musathamangire kuyamikira pabwalo posesa. Yambani mwayang'ana mimba ya aphunzitsi.