Mbale za Kalaliki

Mu shopu ya telala wina wachikulire munali makina awiri osokera, simbi yamakala ndi galamafoni yomwe inkakhala pamwamba pa kabati ya nsalu. Mbale za nyimbo zinalipo zisanu ndi imodzi basi, zonse za woyimba wa m'zaka za m'ma 1960 yemwe ankangomutchula kuti Kalaliki, poti masana ankalemba matikiti kusiteshoni ya sitima. Sanatchuke ayi. Mawu ake anali ofatsa, gitala wapansipansi, kalipenga kakungoyankhira patali, moti makasitomala ankaseka kuti zimenezo n'zogonekera makanda. Mkuluyo sankakangana nawo. Ankangoti nyimbo imodzi ya Kalaliki ndi mpendero umodzi wa siketi, ndipo phazi likamaponda makina motsatira nyimboyo ulusi suduka.

Maso awo atayamba kuchita nkhungu, shopu anaisiyira mwana wawo wachisamba, mayi wa luso ndithu koma wa zake zokha. Iyeyu nyimbo za Kalaliki zinkamutopetsa kuyambira ali kamtsikana. Galamafoni anaikankhira kuseri kwa thumba la zigamba, mbalezo n'kuzipezera ntchito yojambulira makolala ozungulira. Ankagoneka mbale pansalu, kuizunguliza choko, sizasi n'kuiponya pambale pomwepo. Mng'ono wake atamudandaulira kuti zinthu za bambo sazitero, anamuyankha kuti bola tsopano Kalaliki wayamba kugwira ntchito yooneka. Ina inasweka, ina inapindika ndi moto wa simbi, zina zinangosowa monga zimasowera singano.

Patapita zaka mkulu uja anadwala mpaka kusiya kuzindikira ana ake omwe. Chakudya ankakana, mankhwala ankalavula. Tsiku lina m'mawa anagwira dzanja la mwana wachisamba uja ngati la mlendo.

“Amayi inu, mundiikireko ya Kalaliki. Ija tinkavina ndi malemu akazi anga.”

Apa m'pamene mtima wa mayiyo unasweka. Anasakasaka pafoni, osapeza ngakhale dzina. Anafunsa ogulitsa nyimbo zakale mumsika, onse ankangoti Kalaliki wake uti. Anabwerera kushopu manyazi ali tho, n'kupeza mbale imodzi yokha yamoyo, choko chitadzaza m'mizere yake. Anaipukuta ndi kansalu kofewa ngati akusambitsa khanda, galamafoni n'kuisenza mpaka kuchipinda kwa bambo ake.

Singano itatera, kunamveka kuthetheka pang'ono, kenaka mawu aja. Abale, munthu ankayimba uyu! Sankakuwa, sankathamanga, ankangonena zakukhosi ngati mnzako amene wakhala nawe pakhonde. Mayiyo anadabwa kuti makutu ake anali kuti zaka zonsezi. Fungo la makala a simbi ndi kuseka kwa malemu amayi ake zinamubwerera, misozi n'kuyamba kutsika. Poyang'ana kumiyendo kwa bedi anaona phazi la bambo ake likuponda m'bulangeti, pang'onopang'ono, ngati ali pamakina.

Nyimbo isanafike n'pakati pomwe, singano inagwera pamalo pomwe sizasi yake inakanda, n'kuyamba kubwereza liwu limodzimodzi. Phazi lija linaima. Mkuluyo anatsegula maso, n'kumuyang'ana momudziwa koyamba pa miyezi itatu.

“Ulusi waduka, mwanangu.”

Nyimbo ija sanaimvenso mpaka kumapeto, iwo ngakhale iye. Mbaleyo ilipobe, anaikulunga m'nsalu yoyera pamwamba pa kabati, ndipo kasitomala akafunsa amamuuza kuti ndi ya woyimba wamkulu. Akuluakulu sananame: chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.