Madzi Otsukira Mbale

Ku Chinsapo kudali nyumba ziwiri zolekanitsidwa ndi mpanda wa udzu, ndipo zimbudzi za nyumba zonsezo zidadzaza chaka chimodzi, chaka chija anthu adavotera matipate. Ina idali ya a Nedson, bambo wa chifuwa chotambalala amene ankawotcherera mafelemu a mawindo ku Biwi. Inayo idali ya a Gwanda, nkhalamba yotsimphina imene idapuma ntchito ya ulonda.

Amene adakumbapo dzenje m'chilimwe ku Chinsapo akudziwa kuti nthaka yake imauma gwa, piki n'kumangonjanja. Komanso ndi ntchito yopanda ulemu. Palibe amene amaimbiridwa nthungululu chifukwa chokumba chimbudzi.

A Nedson adayesa Loweruka lina. Adamenya mpaka manja adatuluka matuza, koma dzenje lidangofika m'kakolo. Adaponya piki uko.

"Iyi si ntchito, n'chilango," adatero. "Mvula ikagwa nthaka idzafewa, ndidzakumba tsiku limodzi basi."

"Bambo a Elsie," adatero akazi awo a Jemima, "chinkhoswe cha mwana wanu chili mu Disembala. Alendo a ku Karonga mudzawalozera kuti? Mitengo ya chimbudzi chakalechi ikulira kale munthu akapondapo."

"Kulirako ndiye kulimba kwake."

Kuseri kwa mpanda, a Gwanda adali ndi njira yawo. Madzulo aliwonse, madzi otsukira mbale ndi ochapira sankatayidwa pabwalo, ankathiridwa m'dzenje limene ankakumba. M'mawa akazi awo akatereka madzi a tiyi, mkuluyo ankatsika ndi khasu n'kupala dothi limene lafewa. Madzi akawira ankatuluka, kaya chidebe chadzaza kaya sichinadzaze.

"Madala, mukukumba kapena mukukanda?" a Nedson adawafunsa tsiku lina atasuzumira pampanda. "Nkhuku ikuposani."

"Achimwene, ine sindikukumba chimbudzi ayi," adayankha a Gwanda akupukuta thukuta. "Chimbudzi n'chachikulu. Ndikachiganiza chonse, mwendowu umayamba kuwawa ndisanagwire khasu. Ine ndimangochotsa matope a dzulo podikira tiyi."

A Nedson adaseka mpaka misozi, nakafotokozera anzawo ku Biwi.

Miyezi ya fumbi idapita. A Gwanda adamira mpaka m'mawondo, kenako m'chiuno, kenako padangooneka chipewa, mpaka akazi awo adayamba kukoka chidebe ndi chingwe. Mitambo isanayambe kuda, adayala mitengo ya bulugamu, kumata khoma n'kufolera.

Mvula imene a Nedson ankaidikira idabwera, koma sidabwere kudzawagwirira ganyu. Idavumba masiku otsatizana osapuma. Nthaka idafewadi, idafewa mopitirira. Akakumba pang'ono madzi ankadzaza, m'mbali n'kugumukira m'kati. Adakapa madzi, adatukwana, adakapanso. Ndiye m'mawa wina, chinkhoswe chili mawa lake, padamveka chiphokoso kuseri kwa nyumba. Chimbudzi chakale chidatitimira, khoma ndi denga lomwe. A Jemima adangowayang'ana amuna awo, n'kupitiriza kusefa thobwa.

Tsiku la chinkhoswe pabwalo padadzaza. Kaseti idalira, amayi a nsalu zofanana adavina, thobwa lidayenda m'makapu. Koma thobwa likalowa m'mimba silikhalitsa. Dzuwa lisanapendeke, amalume ake a mkwati Wakisa, mkulu wa mpingo wovala suti, adawakodola a Nedson pambali.

"Pepani bambo, kumbuyo n'kuti?"

A Nedson adamva ngati nthaka yatitimiranso, ulendo uno pansi pa mapazi awo. Kuwalozera kumunda wa chimanga akuluakulu oyenda mtunda wonsewo kukadakhala kumuvula mwana wawo pamaso pa apongozi. Adati, "Dikirani pang'ono," n'kupita kumpanda.

"Madala..." adaitana a Nedson atasuzumira pampanda.

A Gwanda adaloza ndi ndodo. Mpanda udali utabooledwa kale, kanjira katasesedwa, pakhomo pa chimbudzi chatsopano pali beseni la madzi ndi kasopo.

"Ndaboola m'mawa," adatero motsitsa mawu. "Auzeni kuti n'chanu. Elsie ndi mwana wathu tonse."

Alendo adapita kwawo akuyamikira ukhondo wa banja la a Nedson, ndipo kuyamikirako kudawabaya kuposa chitonzo.

Dzinja litatha, nthaka itayambanso kuuma, a Jemima adatuluka madzulo ena ndi beseni la madzi otsukira mbale.

"Mayi, musataye," adatero a Nedson. "Bweretsani kuno."

"Kani nanunso mwayamba kukanda?"

"Inu mawa mungolawirira kutereka madzi a tiyi. Koma moto wake usakhale wambiri."

Mphamvu a Nedson adali nazo, ndipo n'zimene zidawanamiza kuti ntchito yowawa imamezedwa kamodzi. Nkhalamba yotsimphina idailuma pang'onopang'ono mpaka idatha. Akuluakulu sadaname: tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.