Maluwa Oyera a ku Chengdu

M'nyumba ya Mayi Dyna ku Hyattsville munalibe poponda tsiku limenelo. Masutukesi anali mbwee pabalaza, ndipo anzawo a kutchalitchi anabwera kudzatsanzikana nawo. Mayiwa anali atasiya ntchito ya uphunzitsi yomwe anaigwira zaka khumi ndi zinayi ku Maryland, kuti akaphunzitse Chingerezi ku Chengdu, m'dziko la China. Pangano linali lakuti chaka choyamba akakhale okha, ndipo sukulu ikawapatsa kontirakiti yachiwiri, amuna awo a Fryson adzawatsatire.

Pakati pa alendowo panali Malama, mayi wa ku Lusaka amene anaphunzitsako ku China zaka zitatu. Iyeyu anawakokera Mayi Dyna kukhitchini.

"Ba Aunty, nikuuzeniko vinthu ving'ono. Kuja ni different maningi. Musanachite chilichonse, muzifunsa."

"Iwe Malama," anaseka Mayi Dyna, "ndinachoka ku Ntcheu n'kufika kuno popanda wondigwira dzanja. Ana ndi ana paliponse. Tandithandiza kunyamula mbalezo."

Mtima anali nawo wabwino, zimenezo palibe angatsutse. Koma kufunsa ankakuona ngati kudzichotsera ulemu.

Ku Chengdu zinthu zinayamba bwino ndithu. Anazolowera ndiwo za tsabola wochititsa dzanzi lilime, anaphunzira kulipira ndi foni ngakhale pogula anyezi, ndipo anasiya kukwiya anthu a m'basi akamawajambula mobisa. Kalasi ankagawana ndi Mayi Luo, mphunzitsi wa komweko wodziwa bwino Chingerezi, koma Mayi Dyna ankangomupatsa moni basi. Amene anawalowa mumtima anali Xinyi, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, kolongolola ngati wailesi.

Kumayambiriro kwa Epulo, sukulu ili pafupi kugamula za makontirakiti, Xinyi anagonekedwa m'chipatala kuti akamuchite opaleshoni ya mtima. Mayi Dyna anati mwana wangayu ndimusangalatse. Anatha masiku atatu akuyeserera kulemba dzina lake m'zilembo za Chitchaina, kenaka analilemba pakhadi lalikulu loyera ndi cholembera chofiira kuti liwale. Maluwa sanavute kupeza. Sabata imeneyo m'misewu munali maluwa oyera a timasamba tambirimbiri, ndipo aliyense ankagula.

Potuluka pageti la sukulu, mphatso zili m'chikwama chachikulu, anakumana ndi Mayi Luo.

"Mukupita kukaona Xinyi? Ndikuperekezeni?"

"Musavutike, njira ndikuidziwa."

Analowa m'chipinda cha wodwalayo akumwetulira, maluwa kudzanja ili, khadi kudzanja linalo. Mayi a mwanayo anangoti maso tong'o, kapu yomwe anagwira n'kugwa pansi. Kenaka anakuwa kukuwa kwa pamaliro. Bambo ake anatsomphola maluwawo n'kuwaponya pakhonde, khadi n'kuling'amba pakati. Xinyi, amene anali atayamba kukweza dzanja kuti apereke moni, anayamba kulira. Anamwino awiri anawatulutsa Mayi Dyna ngati wakuba.

Anaima panja pa chipatala kukamwa kuli yasa, osadziwa chomwe alakwa. Dzuwa linali likulowa, kutanthauza kuti ku Maryland kunali kutacha. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ku China, anafunsa munthu. Anaimbira foni Malama, amene anayankha ali m'sitima, akupita kuntchito.

"Maluwa ya bwanji, ba Aunty?"

"Oyera. Amene aliyense akugula sabata ino."

"Mayo ine! Yaja ni maluwa ya kumanda! Week ino ndiye bantu bayenda kukasesa manda ya makolo bawo. Please, niuzeni kuti munapeleka maluwa chabe."

"Ndi khadi. Ndinalemba dzina lake ndi inki yofiira."



"Ba Aunty, kuja dzina ya munthu wamoyo sibalemba mu red. Bakamba ati ni kumuitanila imfa. Operation ni liti?"

"Mawa m'mawa."

Mayi Dyna anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Kwathu zikanakhala ngati kufika kwa wodwala utasenza nkhata ya maluwa ndi mtanda wolembedwa kale dzina. Anachita mantha aakulu, pakuti mwanayo akanapanda kudzuka pa opaleshoni, makolo aja akanaloza yani?

Mulungu anachita chifundo, Xinyi anachira. Koma chithunzi cha maluwa ali pakhonde ndi khadi long'ambika chinali chitazungulira kale m'mafoni a makolo onse a sukuluyo. Mayi Dyna anapempha kuti akapepese, makolo a mwanayo anakana. Mkulu wa sukulu anawaitana, anawathirira tiyi mwaulemu, Mayi Luo akumasulira.

"Tikudziwa kuti simunachite dala. Koma makolo khumi ndi awiri akuti mukabwereranso chaka chamawa, achotsa ana awo."

Atatuluka muofesimo, Mayi Luo anawagwira pamkono, misozi ili m'maso.

"Pageti paja mukanangotsegula chikwama n'kundionetsa, bwenzi zonsezi kulibe."

Mu Julaye a Fryson anakawachingamira kubwalo la ndege la Dulles. Anali atagulitsa kale mipando ya pabalaza pokonzekera ulendo wa ku China, ndipo malo a Mayi Dyna kusukulu yakale anali atapatsidwa wina. Chomwe chinkawawawa kwambiri mayiwo sichinali ntchito ayi, koma kuti Xinyi anamusamutsira kalasi ina, ndipo mpaka tsiku lonyamuka mwanayo akawaona pabwalo la sukulu ankathawa.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.