Wakabaza Amene Sankalandira Mchere wa Kampeni

Kudera lina lakumapiri, kumene msewu wafumbi umatsetsereka mpaka padambo usanafike kuchipatala, kunali bambo wina wopalasa njinga ya kabaza. Anzake a pasiteji anamusankha kukhala tcheyamani wawo pa chifukwa chimodzi: munthuyu sankapusitsika. Ukamupatsa moni wautali, ankayamba wagwira thumba lake. Iye mwini ankanyadira zimenezi.

Chisankho chitayandikira, akabaza anapangana kuti voti yawo ipite kwa wofuna uphungu amene adzakamenyere nkhondo msewuwo kunyumba ya malamulo. Anati, "A tcheyamani, maso athu ndinu. Amene mutiuze ndi yemweyo." Musaichepetse nkhani imeneyi, abale anga. Wakabaza tsiku lonse amakhala ndi khutu la munthu kumsana kwake, ndipo zimene wanena m'mawa ali pachishalo, pofika madzulo zamveka midzi yonse.

Bamboyu msewu ankaufuna kuposa onse. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo masiku ake ankagwera mu Januwale, mvula ili pachimake. Njira ya kuchipatala inali imodzi yomweyo.

Ofuna mpando anayamba kufika. Ena anabwera ndi mchere, ena zitenje zokhala ndi nkhope zawo. Iye ankangoti, "Mchere umasungunuka ndi mvula yoyamba," n'kubweza. Kunabweranso mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, manja ali lendelende. Mayiyo ankakamba za ngalande ndi mlatho wa padambo, ndipo ananena poyera kuti ntchitoyo itenga zaka. Bamboyu anamukayikiranso, amvekere munthu wosalonjeza msanga ndiye kuti akubisa china.

Koma panali mmodzi wochenjera, amene anayamba wafufuza. Ameneyu sanatumize mchere. Anatumiza thalakitala yopala msewu, chisankho chili pakhomo, ndipo msewu unasalala ngati m'nyumba mozira kumene. Anthu anavina. Bambo uja sanavine. Anatsika panjinga n'kumayenda m'mbali mwa msewu, maso ali pansi. Anaona kuti dothi lonse lopalidwa lakankhidwira m'ngalande zimene anthu a m'midzi anakumba okha ndi makasu, zija zimapatutsa madzi ochokera kuphiri. Zonse zinali zitakwiririka.

Atafika kunyumba anauza mkazi wake kuti, "Uyu watiphimba m'maso. Mvula ikagwa, madzi adzasowa kolowera, adzayenda pakati pa msewu."

Mkaziyo anati, "Ndiye mukawauze anzanu."

"Ndikawauza mawa."

M'mawa mwake wofuna uphungu uja anafika yekha pasiteji. Anatsika m'galimoto, n'kugwira dzanja la bamboyu ndi manja awiri, anthu onse akuona. Anati, "Ndamva kuti m'dera lonse lino muli munthu mmodzi yekha wosagulika. Msewu uwu sinditsegula ndine. Mutsogole ndinu, galimoto zanga zibwere pambuyo panu."

Ha, abale anga, mtima wa munthu! Bambo uja anapalasa patsogolo, galimoto zikukwawa pambuyo pa njinga yake, amayi akululutira m'mbali monse. Chibadwire anali asanalemekezedwepo chotero. Pofika pamalo paja pamene ngalande yaikulu inakwiriridwa, sanayang'anepo, anangolunjika kutsogolo. Kumsonkhano atamupatsa chimkuzamawu, ananena kuti, "Uyu ndiye wathu." Akabaza onse anatenga mawuwo n'kuwagawira midzi.

Madzulo mkazi wake anangomuyang'ana. Iye anati, "Mwina akapambana adzazikumbanso ngalande zija." Pakamwa pankatero, koma mumtima ankadziwa kuti akunama.

Munthu uja anapambanadi, ndipo thalakitala inachoka mavoti asanathe n'kuwerengedwa komwe. Mvula inabwera. Madzi a kuphiri anasowa kolowera, anayenda pakati pa msewu monga bamboyu ananenera.

Tsiku limene matenda a uchembere anayamba, bamboyu anakweza mkazi wake pakaliyala m'mawa n'kuyamba ulendo. Pofika potsetsereka paja, msewu panalibe. Panali chigwembe chofika m'chifuwa, madzi ofiira akuthamanga m'katimo. Njinga sikanadutsa, ambulansi nayonso sikanafika. Bamboyu analira ngati mwana. Amayi amene ankapalira m'munda wapafupi ndi amene anathamanga, n'kutchinga mnzawo ndi zitenje za kampeni, zomwe zija bamboyu anazibweza monyada. Mwana anabadwira pamatope pompo. Mwa chifundo cha Mulungu anakhala moyo, koma mayi ake anadwala dzinja lonse, moti anthu anali atataya mtima.

Tsiku lotulutsa mwana, achibale anafunsa dzina. Mayiyo anapempha kuti amutche yekha. Anayang'ana mwamuna wake n'kunena motsitsa kuti, "Dzina lake ndi Mumadziwa."

Mpaka lero, bamboyo akaitana mwana wake kuti abwere kudzadya, amakhala akutchula mlandu wake ndi pakamwa pake.

Abale anga, woyesa amayamba wafufuza. Sabweretsa mchere kwa munthu wokana mchere. Amazungulira nyumba kufunafuna khomo limene sunapiringidze, ndipo kwa ambiri a ife amene timati ndife ochenjera, khomo limenelo ndi ulemu. Bambo uja sanapusitsidwe ayi. Anaona bwinobwino, koma nthungululu zinamutseka pakamwa. Inunso pali choonadi chimene Mulungu wakuonetsani, chimene mukuti mudzanena mawa. Chineneni lero, fumbi lidakalipo, chifukwa mvula ikubwera, ndipo amene adzagwere m'chigwembe cha kukhala chete kwanu ndi munthu amene mumamukonda.