Tsitsi la Ndaziona ndi Mbewa ya M'paipi

Ana inu, pali mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri, ndipo lero ndikuuzani kumene unachokera. Ena adzakuuzani kuti mwambiwo ndi wakale kuposa mipopi ndi mapaipi. Musakangane nawo. Ine ndikunena momwe ndinamvera, ndipo wodziwa bwino abwere ndi nthano yake.

Pa boma la Ntcheu panali banja la a Chimpeni. Bambo Chimpeni atapuma pa ntchito, anamanga nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi bafa la m'kati, la shawa, madzi ochokera kumwamba. Bafa limenelo ankalinyadira kuposa khola lawo la mbuzi. Mlendo akafika, asanapatsidwe n'komwe mpando, ankayamba amutengera kukaliona. Akazi awo, a Nangozo, anali mayi wa mawu ochepa koma maso akuthwa. Akayang'anitsitsa mbale imene watsuka, mtima unkagunda ngakhale ukudziwa kuti yayera.

Mwana wawo Kambani anakwatira mtsikana wa kumudzi, dzina lake Ndaziona, n'kubwera naye pakhomopo. Kambani anali dalaivala wa malole, masiku ambiri ali pamsewu, choncho mtengwayo ankatsala ndi apongozi ake.

Asanachoke kwawo, alangizi anamuuza zambiri, koma ziwiri ndizo zinamukhazikika mumtima. "Pamaso pa apongozi usamatchule za kubafa ndi kuchimbudzi, n'kupanda ulemu," anatero. "Ukakaonetsa uve akakubweza, ndipo manyazi ake adzakhala a mudzi wonse." Chachiwiri chinali ichi: "Tsitsi lako usamalisiye poyera. Ukapesa, tola lonse ukaponye m'dzenje lakuya, pakuti sudziwa amene angalitole ndi chimene angachite nalo."

Kumudzi zimenezi sizinali zovuta. Bafa linali la udzu, madzi ankangolowa pansi pa miyala, ndipo tsitsi ankaliponya m'chimbudzi chokumba. Kuno Ndaziona anapeza kabowo pakona ya bafa, kovundikira ndi kasefa kachitsulo. Anatukula kasefako n'kusuzumira, ndipo anaona mdima wokhawokha. Mtima unakhala m'malo. Dzenje lakuya lija analipeza.

Kuyambira pamenepo, akapesa kapena akamasula mameshi, ankakulunga tsitsi pachala n'kulikankhira m'kabowo ndi kamtengo. Tizidutswa ta sopo ndi ulusi wothothoka ku chinkhupule nazonso ankazilowetsa momwemo, kuti apongozi asapeze kachitsotso pansi. Mukuseka eti? Sekani pang'ono, koma mundiuze amene anamuuza kuti pansi pa kabowoko panalibe dzenje, panali paipi yopapatiza ngati mpini wa khasu. Mtsikanayo ankachita zimene anamulangiza, ndipo ankazichita ndi mtima wonse.

Patapita miyezi, madzi anayamba kuchedwa kupita. Poyamba ankazungulira pakabowo kenako n'kutsika. Pambuyo pake anayamba kuima ndithu pakonapo, otuwa, ndi kafungo kosakhala bwino. Ndaziona sanali wopusa. Anadziwa kuti ndi tsitsi lake.

Apa ndi pamene ine ndimamukwiyira pang'ono. M'malo monena, anadzipatsa ntchito. Apongozi ake ankasamba mofulumira posafuna kuwononga madzi, ndipo aliyense akangotuluka, iye ankathamangiramo ndi ndowa ndi chikolopa, kukapa madzi aja n'kukataya kuseri. Bambo Chimpeni anamuyamikira kwa anzawo. "Mtengwa wathu ndi waukhondo, bafa salilola kukhala lonyowa."

A Nangozo sananamizike msanga. Tsiku lina akusankha mpunga pakhonde anafunsa osadzutsa mutu, "Mwananga, kodi madzi akuyenda bwino kubafako?"

Khomo lonenera zoona linali litatseguka pamenepo. Koma Ndaziona anakumbukira mawu a alangizi, anadziona ali pamsewu ndi chikwama chake kubwerera kumudzi, ndipo anayankha chapansipansi, "Akuyenda, amayi."

"Chabwino," anatero a Nangozo, n'kupitiriza kusankha mpunga.

Loweruka lina kunabwera a Gwaza, amalume ake a Ndaziona amenenso anali ankhoswe ake, kudzaona momwe mwana wawo akukhalira. Anafika ali mbuu ndi fumbi la panjinga. Bambo Chimpeni anaona mpata wawo. "Apongozi, musanadye, kalaweni mvula ya m'nyumba."

A Gwaza anali asanasambepo pa shawa. Madzi atawagwera pamsana, munthu wamkulu anaiwala kuti ali kwa eni. Anayamba nyimbo ya kutchalitchi, anaimaliza, anayambanso ina. Ndaziona anali kukhitchini akusosola nkhuku, makutu ali kubafa, thukuta lili kamukamu. Akanatani? Mwana wamkazi sagogoda pachitseko pamene amalume ake akusamba.

Madzi anadzaza pansi, anatulukira kunsi kwa chitseko, anatsata khonde la m'kati mpaka kukafika pabalaza, pamapazi penipeni pa bambo Chimpeni. Madziwo anali akuda, onunkha, atanyamula thovu la sopo. A Gwaza anatuluka atagwira nsapato m'manja, akupepesa ngati iwo ndiwo alakwa.

Bambo Chimpeni anatenga waya wautali, anaupinda kunsonga ngati mbedza, anachotsa kasefa n'kupisa m'kabowo. Anangokoka timaulusi tochepa. Ndiye anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene paipi imathera m'kadzenje ka simenti, anthu onse akuwatsatira. Analowetsa waya uja, anaupotokola, n'kukoka pang'onopang'ono. Kunatuluka chinthu chakuda, choterera, chotalika ngati mkono wa munthu. Linali tsitsi lokhalokha lomatana ndi sopo, ndipo m'kati mwake munakulungika mbewa yakufa. Madzi otsekeredwa aja anakhuthuka pambuyo pake.

A Gwaza anabwerera m'mbuyo. "Apongozi, tsitsi la munthu ndi mbewa yakufa? Izi sizibwera zokha ayi. Wina wachita kuika."

Nkhope ya bambo Chimpeni inasintha. "Ndamudziwa," anatero, akuyang'ana kutsidya kwa mpanda. Kumeneko kunkakhala a Nachuma, mayi wamasiye amene anakangana nawo chaka chatha pa nkhani ya malire. "Amadutsa kuseri kuno ati akufuna nkhuku zake. Lero anthu amudziwa. Amake Kambani, ndipatseni chipewa changa."

Ana inu, taganizani pamene Ndaziona anaima. Akanangokhala chete, palibe akanamuganizira. Banja lake likanatsala bwinobwino. Koma iye anakulira kumudzi, ndipo ankadziwa chimene chimachitikira mayi wamasiye akangotchulidwa kuti ndi mfiti. Ana amamugenda, anzake amaleka kukapala moto kwake, ndipo dzinalo silifufutika mpaka kumanda.

Ndaziona anagwada m'matope momwemo, moyang'ana a Nangozo, nthenga za nkhuku zikadali m'manja.

"Amayi, tsitsilo ndi langa."

"Wati chiyani, mwana iwe?" anafunsa a Gwaza.

"Ndi langa, amalume. Ndinkalibisa m'kabowo monga anandilangizira kuti ndisamalisiye poyera. Ndinkayesa ndi dzenje. Madzi ataleka kuyenda ndinachita manyazi kunena, ndipo amayi atandifunsa ndinawanamiza." Anayang'ana amalume ake n'kumaliza. "Ngati mundibweze, amalume ali pompano, ndipita nawo. Koma a Nachuma alibe mlandu."

A Gwaza anagwira pakamwa. Bambo Chimpeni anayang'ana waya uli m'manja mwawo ngati akuuona koyamba. A Nangozo anatola kamtengo, anaitembenuza mbewa ija, n'kuyankhula mosathamanga.

"Abambo, chipewa chikhale pamsomali pomwepo. Mbewa iyi palibe anaiika. Inalowa yokha m'paipi kubisala maso a anthu. Madzi atayamba kuivuta, khomo linali pafupi, koma inaopa kuonekera poyera. Inangolowerabe m'kati mpaka inakodwa m'tsitsi." Anatembenukira kwa Ndaziona. "Iwe unatsala pang'ono kufanana nayo. Tsiku lija ndinakufunsa ndikudziwa kuti pali vuto, ndimadikira pakamwa pako. Wachedwa, koma watuluka. Dzuka, chitenje chikuda."

"Simundibweza, amayi?"

"Ndibweze mwana amene wadziyalutsa yekha kuti apulumutse mayi wa eni? Nanga ndikamupeza kuti wina? Tiye ukateleke madzi."

Masana amenewo awiriwo anagwira ntchito limodzi. Anathira soda m'kabowo, soda yemweyo wophikira therere, kenako madzi otentha ndowa yathunthu, ndipo paipi inameza ndi kaphokoso kosangalatsa. A Nangozo anamuonetsa kuti kasefa kaja ntchito yake ndi kugwira tsitsi, choncho sikachotsedwa posamba. Ukatha kusamba umatola zimene zatsalira pamwamba pake, ndipo pakapita masiku umathiramo madzi otentha kuti mafuta ndi sopo zisaundane. "Za alangizi ako sindikutsutsa," anatero. "Tsitsi uziliponya pambaula lipse. Kumeneko palibe mfiti ingakalitole."

Nkhuku itapsa, a Nangozo anapatula ntchafu m'kambale n'kutuma Ndaziona kuti akapereke kutsidya kwa mpanda. A Nachuma analandira akudabwa, ndipo mpaka lero sadziwa chimene chinatsala pang'ono kuwagwera.

A Gwaza ndiwo anafalitsa nkhaniyi, pakuti sankatha kusunga kanthu. Ponseponse ankabwereza mawu a Nangozo, ndipo anthu anawafupikitsa kukhala mwambi umene mumaudziwa: mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wobisa vuto chifukwa cha manyazi amavulala nalo, pamene thandizo linali pafupi. Ulemu ndi wabwino, ndipo sindikuti muutaye. Koma ulemu umene ukukutseka pakamwa madzi akukwera wasanduka msampha, ndipo nthawi zina umakola ndi anthu osalakwa omwe. Ngati simunamve, funsani. Ngati mwalakwitsa, nenani kudakali kakang'ono. Ndaziona akanayankha zoona tsiku la mpunga lija, ntchito yonse ikanatha ndi waya ndi ndowa imodzi ya madzi otentha, ndipo dzina la mayi wamasiye silikanafika pakamwa pa munthu.